Thirani Kapena Bwererani Nawo

Zikomo otsogolera mwambo.

A Gulupu, takulandirani pa malo athu ano osonkhetsera mkaka. A Tcheyamani ndi komiti yonse ya gulu lathu, alangizi a ziweto amene mwapalasa njinga kuchokera ku Namitambo, a katekisiti, alimi anzanga, antchito anzanga, moni nonse. Mayi Namakhwa ndi adzukulu atatu amene mwakhala nawo pa mkekapo, ndakuonani. Ndipo inu eni tsikuli, Bambo Silvesta Namakhwa, lero takukhazikani pa mpando wa mu ofesi. Khazikikani, sukulumani.

Kwa amene simundidziwa, ndine Sabiti. Ndimayang'anira thanki yoziziritsira mkaka ija ndi jenereta. Magetsi akathima, dzina limene mumalitukwana chamumtima ndi langa. A Namakhwa amayeza mkaka pakhomo, ine ndimaulandira mkati. Pakati pathu pali khoma ndi kazenera, ndipo pa kazenera kameneko takangana zaka zoposa makumi awiri.

Komiti inandiuza kuti, "Sabiti, iwe pakamwa uli napo, ukaseketse anthu." Ndinavomera. Ndinakonza nthabwala zodzadza chigubu. Koma Lachiwiri lapitali Mayi Namakhwa anandipeza kuseri kuno ndikutsuka mapaipi, ndipo chiyambire tsikulo nthabwala zanga zasasa. Ndayima pano ndili ndi manyazi. Ndaona kuti ndinene msanga, kuti mukamaona ndikuyang'ana pansi musamati a Sabiti ataya ndalama.

Nkhani imene mayiwa anandituma ndi iyi. Komiti ya kumudzi kwawo yasankha banja la a Namakhwa kuti lizilandira nawo Mtukula Pakhomo, ndalama zija boma limathandizira mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wa mphamvu zogwira ntchito. Lachisanu likubwerali kuli msonkhano wotsimikizira, pa bwalo la sukulu. Mutu wa banja ukapanda kuonekera, malowo apita ku nyumba ina. Ndipo mutu wa banja, uwu wavala chipewawu, wakana. Akuti sapita ngakhale atawamanga.

Mayi anati, "Achimwene, mseri ndalephera ine, a katekisiti alephera. Kanenereni pagulu, mwina anzawo awamvera." Dzulo ndinawachenjeza a Namakhwa kuti ndinena. Anati, "Pakamwa m'pako." Ndiye ndinena. Koma poyamba tiseke pang'ono, poti Fanta wagulidwa kale.

Achinyamata amene mwabwera posachedwa mumaganiza kuti a Namakhwa anabadwa akudziwa ntchito. Ayi ndithu. Tsiku lawo loyamba alangizi anawapatsa kagalasi koyezera mkaka, kaja kamayandama m'botolo. Iwo anakatembenuza uku ndi uku, n'kukabwezera m'bokosi. Ati galasi silidziwa mkaka, mkaka umadziwika ndi lilime. Anatenga kapu. Mlimi aliyense akafika, iwo n'kutunga, n'kumwa, n'kugwedeza mutu ngati dokotala. Mkaka wosaphitsa, amwene, wa ng'ombe za midzi yonse yozungulira kuno! Dzuwa litakwera pang'ono, woyeza mkaka wasowa. Mzere wa zigubu unafika kumsewu. Tinafunafuna, mpaka tinamva mawu kuchokera m'kanyumba kaja kali kuseri kwa nthochi: "Dikirani!" Tikaitana, "Dikirani!" Tsiku limenelo mkaka wonse wa dera lino unadikira. M'mawa mwake anabwera atawonda, n'kutulutsa kagalasi m'bokosi mwaulemu, ndipo chiyambire pamenepo sanalawenso mkaka wa munthu.

Zitatha zimenezo anatsala ndi mawu awiri okha, ndipo nonse mukuwadziwa. Mkaka ukakhala wabwino amati chiyani? Eya, "Thirani!" Ukakhala wa madzi kapena wogona? "Bwererani nawo!" Palibe zoti pepani, palibe zoti mawa mudzayesetse. Ndiye alimi anaphunzira kuwerenga chipewa. Akachikankhira kumbuyo, chipumi n'kuoneka, dziwani kuti mkaka walowa. Akachikokera kumaso, yambani kumanga chigubu pa njinga. Anabwezapo mkaka wa a Tcheyamani akale, m'mawa wa tsiku la chisankho. Anabwezapo wa mlongo wanga, ine ndikuyang'ana pa kazenera ndi kutsokomola. Mnyamata wina atabwera kudzafunsira mbeta mwana wawo, malemu Tracy, ankhoswe onse sankamvera zokamba. Maso anali pa chipewa.

Koma chimene a Namakhwa amatchuka nacho kwenikweni ndi msonkho. Dziko lonse lino anthu amathawa msonkho. Munthu mmodzi yekha ndi amene wakhala akuuthamangitsa, ndipo ndi ameneyu.

Anandiuza chifukwa chake kalekale. Agogo awo anachokera kwa Apwitikizi wapansi, n'kukathangata pa esiteti ya ku Magomero. Nthawi imeneyo mwamuna wopanda chitupa cha msonkho sankagona m'nyumba, ankagona m'tchire. Bambo awo chitupa chawo ankachisunga mkati mwa chipewa, ndipo ankawauza kuti munthu amene wakhoma msonkho amayenda pakati pa msewu. Iwonso ali mnyamata anakhomako msonkho wa pamutu uja. Utathetsedwa, midzi yonse inavina. A Namakhwa okha anakhala ndwii ngati afedwa.

Atalembedwa ntchito pano anasangalala. Anati tsopano boma lizidula lokha pa malipiro, ngati aphunzitsi. Mwezi unatha, analandira, anayang'ana pepala, n'kupita mu ofesi. "Mwaiwala kudula msonkho." Anawafotokozera kuti pali malire, munthu wolandira zochepera pamenepo sadulidwa. Anthu ena akanathokoza Mulungu. Iwo anatuluka ngati atukwanidwa.

Ndiye unayambika mpikisano. Malipiro awo akakwera pang'ono, malire aja nawo n'kukwera. Iwo sitepe imodzi, malire masitepe atatu. Tsiku lowerenga bajeti tinkasonkhana pa wailesi yanga m'chipinda cha jenereta. Akalengeza kuti ndalama zosadulidwa msonkho zakwezedwa, ife m'manja. A Namakhwa chipewa kumaso. Chaka china komiti inawawonjezera kangachepe, iwo n'kuwerengera kuti tsopano alowa. Anatigulira Fanta tonse, a Namakhwa amene timawadziwa aja! Anayenda pakati pa msewu mpaka ku Namitambo, njinga zikuwaimbira belu. Pasanathe mwezi wailesi inalankhula, malire athawanso. Anabwera pa kazenera n'kunena kuti, "Sabiti, Fanta uja undibwezere."

Mwaseka, zikomo. Nanenso ndinkaseka, ndipo ndinkaseka kuposa nonsenu. Koma taganizirani chimene tikusekachi. Munthu wagwira ntchito kuyambira tsitsi lili bii mpaka lachita mbuu, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe, poti ng'ombe sidziwa tchuthi. Ndipo sanafikepo ngakhale kamodzi pamene boma limati uyu ali ndi kanthu, tidulepo. Ife tinkati ndi nthabwala ya a Namakhwa ndi boma. Sitinkadzifunsa kuti malipirowo amaika ndani.

Nthawi ya tiyi, pansi pa mtengo wa mapeyala apo, tili ndi nyumba yathu ya malamulo. Mutu wake sunasinthepo: ndani akudyetsa ndani m'dziko muno? A Geoffrey, owerengera chuma athu, ndi okhawo pano amene malipiro awo amadulidwa. Kumapeto kwa mwezi amatuluka mu ofesi pepala lili m'manja, nkhope itagwa. "Taonani! Ndisanazigwire n'komwe, azidula kale. Dziko lino likuyenda pa msana pa anthu ochepa, ena angokhala pa mthunzi kudikira tsiku lolandira." Sindikuwanyoza a Geoffrey. Kudulidwa kumawawa, ndipo nawonso ali ndi mudzi wonse umene umawayang'ana.

Koma amene ankawavomereza mwamphamvu ndani? A Namakhwa. Munthu wosadulidwa ndi amene ankalira kwambiri msonkho wa mnzake. "Zoona, a Geoffrey! Zaulere zimapha manja! Munthu akazolowera kulandira, khasu amaliona ngati njoka. Ine Silvesta mwana wa Namakhwa sindidzadya zaulere mpaka kumanda." Ndipo ife tinkati, "Nenani, achimwene, nenani!"

Anabanda ali pano. Imani pang'ono mayi, anthu akuoneni. Zikomo, khalani. Anabandawa alibe ng'ombe. Amasenza zigubu za anthu ena pamutu, ganyu, kuchokera kutsidya kwa dambo, ndipo kunyumba akulera adzukulu okha. Atayamba kulandira Mtukula Pakhomo, a Namakhwa anawapatsa dzina. M'mawa uliwonse akafika ndi chigubu, thukuta lili kamukamu, moni wake unali wakuti, "Mwadzuka bwanji a Boma?" Mzere wonse kuseka. Anabanda ankangotula chigubu n'kunena kuti, "Ndadzuka, achimwene. Yezani mkaka." Munthu wayenda ndi katundu pamutu chiyambire mbandakucha, ife n'kumamutcha wokhala pa mthunzi.

Tsopano ndikumbutse alimi anzanga chinthu chimene sitikonda kuchikumbuka. Ng'ombe zathuzi zinabwera bwanji? Ndani pano anagula yake yoyamba? Kwezani dzanja. A Tcheyamani, musayang'ane kumbali. Palibe dzanja. Inabwera ndi bungwe, yopatsirana: ulandire, ikabereka mwana wamkazi upatse mnzako. Ine ndinalandira. A Tcheyamani analandira. Komiti yonse inalandira. Dzina la a Namakhwa litafika, alangizi a nthawi imeneyo anawatengera uthenga mpaka pakhomo. Iwo anakokera chipewa kumaso. "Bwererani nayo." Ng'ombe yamoyo, ya mkaka, ya bere! Ati sanaigwirire ntchito. Makuponi a feteleza atabwera, chimodzimodzi. Ife tinkalandira m'mawa, masana n'kudzakhala pansi pa mapeyala kuwaombera m'manja akamanyoza zaulere.

Munthu mmodzi yekha pano ndi amene anakhulupirira zimene tonse tinkalankhula. Ife tinkangotafuna mawu ndi tiyi, iwo anawameza. Lero ife tili ndi makola ndi nyumba za malata. Iwo ali ndi chipewa ndi ulemu. Mayi Namakhwa anandifunsa Lachiwiri lija, "Ng'ombe anakana, makuponi anakana, tsopano akanenso izi. Kodi adzukuluwa adya ulemu?" Ndinangopitiriza kutsuka paipi imene inali yoyera kale.

Sizinathere pamenepo. Mawu awo aja ankatikomera chifukwa ankatithandiza. Pa msonkhano wa pachaka, nkhani ya malipiro a antchito ikabwera, pankapezeka wina woimirira n'kunena kuti, "Taonani a Namakhwa, sadandaula. Munthu wokhutira ndi thukuta lake." Basi nkhani yatha, tapita ku mtengo wa mkaka. Ine ndili mbali ziwiri, wantchito komanso mlimi, ndipo dzanja langa linkakwera ndi la alimi. Kapenshoni tinayamba kuwasungira mochedwa, tsitsi litayera kale. Sinditchula kuti n'kotani. A Geoffrey atandionetsa, tonse awiri tinayang'ana kudenga.

Ndiye tiyeni tilankhule zoona, poti a Gulupu ali pano ndipo a katekisiti ali pano. Komiti ya kumudzi ija sinalakwitse. Inapita pakhomo, inaona ndi maso. Inapeza bambo amene maso achita khungu moti kagalasi kaja sakukaonanso, ndiye chifukwa chake tikutsanzikana lero. Inapeza mayi wa matenda a shuga. Inapeza ana atatu a malemu Tracy, wamkulu ali ku pulayimale. Inapeza denga la udzu limene mvula ikagwa mbale zonse zimagwira ntchito. Anthu amenewo sanafunse kuti bambowa amagwira kuti. Akanafunsa, akanauzidwa kuti amagwira kwa ife, pa malo pamene galimoto ya thanki imabwera kudzatenga mkaka wopita m'masitolo a ku Limbe. Ndikaganiza zimenezo ndimafuna nthaka itang'ambika.

Zaka zonsezi takhala tikufunsana pansi pa mapeyala kuti ndani akudalira boma. Tinkaloza Anabanda. Sabata ino ndagona ndikuganiza, ndipo ndaona kuti chala chinkaloza kolakwika. Amene akudalira boma ndi ife, gulu lino. Tinatenga mphamvu za munthu pa mtengo wotsika, mphamvuzo zatha, ndiye tikuti boma limalizitse. Dzenje takumba ndife, wokwirira akhale wina. Ngati pali amene wadya zaulere pa malo ano, ndi ife, ndipo chimene tadyacho ndi thukuta la a Namakhwa.

A Tcheyamani, ndikuona mukupukuta magalasi. Sindikukuzengani mlandu, tonse tili momwemo. Ndikungopempha kuti pa msonkhano ukubwerawu nkhani ya malipiro ikhale yoyamba, anthu asanatope, ndipo pasapezeke wonena kuti taonani uje sadandaula. Akutsala pano ena amene akutsuka zigubu ndi kulondera. Tisadzaimenso pano kudzachita manyazi omwewa. Mwagwedeza mutu kuvomera, anthu aona.

Tsopano ndilankhule ndi inu, achimwene anga a pa kazenera.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani. Si ulendo wa ku sukulu, ndi pafupi. Ndi benchi. Mukuona kale mmene mudzakhalire pa benchi limodzi ndi anthu amene munkawaseka. Mukumva kale manong'onong'o akuti si aja ankati mpaka kumanda aja? Munandiuza dzulo kuti, "Sabiti, ndidzayenda bwanji pakati pa msewu?" Ndinakumvani. Sindikunamizani kuti sizidzawawa. Zidzawawa. Koma manyazi amene mwasenzawo si anu nokha. Gawo lalikulu ndi lathu, ndipo tabwera kudzalitenga.

Dzulo ndinapita kwa Anabanda kukafunsa maganizo awo, poti ndi amene munawalakwira kwambiri. Ndinati, "Mayi, a Namakhwa akabwera Lachisanu mudzatani?" Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Ndidzawapatsa moni kamodzi kokha. Ndidzati mwadzuka bwanji a Boma, kuti mtima wanga ukhale pansi. Ndikatero ndidzasendera, akhale. Benchi lija ndi lalitali, ndipo palibe amene anabadwira pamenepo." Ndanama, mayi? Akuti sindiname. Kamodzi kokha, achimwene. Inu munawapatsa moni umenewo zaka zingati?

Ndinapitanso kwa a Geoffrey, eni msonkho. Ndinati, "Nanga inu, ndalama zanu zija mumalira mwezi ndi mwezi?" Anati, "Sindidziwa ngati ndi zanga zenizeni kapena za mabungwe akunja. Koma ngati kachigawo kena kakafika pakhomo pa a Namakhwa, aka kakhala koyamba kuona ndi maso anga kumene msonkho wanga wapita." Anawonjezera kuti kulira sasiya. Tawalola, aziliranso, koma azilira akudziwa.

Mumati simunakhomepo kanthu, ndiye mulibe chotapa. Ine sindine wophunzira, za malamulo a msonkho ndisiyire a Geoffrey. Chimene ndikudziwa ndi chimene ndinkaona pa kazenera. Mkaka wa pano sunabwezedwepo ku fakitale chifukwa cha madzi, ndipo n'chifukwa cha inu. Kampani yogula mkaka wathu inagulitsa, inapindula, inakhoma. Woyendetsa galimoto ya thanki amadulidwa. A Geoffrey amadulidwa. Ana athu anaphunzira ndi ndalama za mkaka, ena ali pa ntchito m'tauni, akudulidwa. Onsewo anadutsa pa tebulo lanu lija la miyendo yopendekera. Dzina lanu silinalembedwe paliponse, zoona. Koma musandiuze kuti munali chabe mlendo m'dziko muno.

Ndikuthokozeni tsopano, poti mpata uwu sudzabweranso. Zikomo chifukwa chofika tambala asanatsike mu mtengo, mvula ndi chisanu cha mu Juni, osadandaula. Zikomo chifukwa chobweza mkaka wa mlongo wanga. Anakwiya mwezi wathunthu, koma sanathirenso madzi, ndipo lero ali ndi ng'ombe zitatu. Zikomo chifukwa cha nthawi ija jenereta inafa mkaka uli wodzadza m'thanki, ine mutu utaima, inu n'kukwera njinga mpaka ku Mauwa kukatenga makaniko, n'kumukweza pa kaliyala. Zikomo chifukwa mwezi wa Ramadhani munkamwera tiyi wanu kuseri kwa khoma kuti ine ndisamve fungo, inu Mkatolika wa kolona m'thumba. Mumaganiza kuti sindinkadziwa. Ndinkamva supuni ikulira m'kapu.

Ndinu munthu wouma mutu, a Namakhwa. Wouma ngati chitsa cha mlombwa. Kuuma kumeneko n'kumene kunasunga dzina la malo ano, ndipo n'komwenso kwasiya denga lanu likudontha. Ife tinapindula ndi mbali yoyamba. Mbali yachiwiri anaisenza ndi Mayi Namakhwa, mwakachetechete, ndipo mayi, ngati palibe amene anakuthokozanipo, ndikukuthokozani lero pamaso pa anthu onsewa.

Mphatso zilipo, komiti ipereka ndikakhala pansi. Pali bulangeti, pali wailesi yoti muzimvera bajeti muli kunyumba, muzikwiya mwamtendere. Malata a denga alimi alonjeza kusonkha mvula isanagwe, ndipo ine ndi amene ndidzayende khomo ndi khomo. Koma bulangeti silidyedwa, ndipo malata sagula makope a ana. Nkhani ya Lachisanu ikadali pomwepo.

Kwathu kuno mlendo sitimusiyira pakhomo. Timamuperekeza, timamunyamulira kathumba mpaka pa mphambano, ndiye timabwerera. Inu mwakhala nafe nthawi yonseyi, ndiye tikusiyeni pa geti ndi bulangeti? Ayi. Tagwirizana kale. Lachisanu, mkaka wa m'mawa ukangolowa m'thanki, titseka pano. Ine ndibwera kunyumba kwanu. A Geoffrey abwera, atavala tayi yawo ya kumapeto kwa mwezi. A Tcheyamani abwera. Alimi amene angathe abwera. Tidzakuikani patsogolo, ndipo tidzayenda pakati pa msewu mpaka pa bwalo la sukulu. Wofuna kunong'ona adzayambe wafunsa kuti anthu onsewa akuperekeza ndani. Tidzamuyankha tokha kuti uyu ndi wantchito wathu, ndipo amene tamufikitsa pano ndife.

Tracy anakusiyirani ana atatu. Tayang'anani pa mkekapo. Sakumva zonse zimene tikukambazi, akudikira kuti Fanta atsegulidwe liti. Koma mawa lake adzamva njala, ndipo njala sifunsa kuti agogo ankati chiyani pansi pa mapeyala.

Ndalankhula zambiri, pakamwa pauma. Zaka zonsezi anthu akhala akutula zigubu pa tebulo lanu, mtima uli m'mwamba, kudikira mawu amodzi. Lero ndi nthawi yanga. Mawu angawa ndiwo mkaka wanga. Ndawatula pamaso panu. Ngati muli madzi, nenani pompano, ndibwerera nawo, ndipo sindidzayambitsanso nkhaniyi. Yezani, achimwene. Kagalasi sikakufunika, uwu ndi wa lilime.

Khalani chete pang'ono, anthuni. Musawafulumize. Mukudziwa kuti sayeza mothamanga.

A katekisiti, inu muli pafupi, dzanja lija likupita kuti? Likupita ku chipewa. Ine maso anga achita madzi, sindikuona bwino. Chapita kutsogolo kapena kumbuyo?

Chipumi chaoneka!

Ayi, ayi, dikirani m'manjamo. Chipewa chokha sichikwanira, Mayi Namakhwa akufuna amve ndi makutu awo. Kwezani mawu, achimwene, monga mmene munkakwezera mzere ukafika kumsewu.

Mwamva kumbuyoko? Akuti, "Thirani."

Mayi, lirani, palibe amene akuletseni. Anabanda, moni uja kamodzi kokha, tapangana. A Geoffrey, tayi ija muisite.

Bambo Silvesta Namakhwa, pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuwombeni kumaso, ng'ombe za dera lino zizolowera. Mukakhale pakhonde ndi adzukulu, mukawauze za agogo anu a ku Magomero, ndipo mukawauzenso kuti tsiku lina agogo awo analola kuti anzawo awathandize. Pa kazenera paja ndizikusowani m'mawa uliwonse. Mulungu akusungeni, inu ndi mayi.

Tsopano imirirani nonse, ndi a Gulupu omwe ngati miyendo ilola. Tawaombera m'manja bambowa kambirimbiri akamakana. Lero tiwaombere chifukwa avomera. M'manja!